Mabuku Amene Anatsala Kuchikazi

Sabata yatha tinapita ku Jenala kukaika mwala pamanda a alamu anga a Muhiwa. Chaka chakwana chimwalirireni. Abusa analankhula bwino, ana a mlongo wawo analankhula bwino, ndipo aliyense amene anaimirira anati malemuwa ankakonda kuwerenga. Ine ndinangogwira chitenje kukamwa. Kukonda kuwerenga? Amakonda kuwerenga ndi ana a sukulu. Alamu anga ankachita kudwala nawo mabuku, ndipo matendawo tinawasenza ndife a kuchikazi mpaka misana kuwawa.

A Muhiwa anakwatira achemwali anga a Elube, nabwera kudzakhala kwathu kuno m'tsinde mwa phiri monga amachitira mkamwini aliyense. Nyumba yawo ndi yanga zinayang'anizana, ndiye panalibe chimene chinkandiphonya. Pa unyamata wawo anagwira ntchito ku Blantyre, pamalo ena a mishoni osindikizira mabuku. Ntchito yawo inali yosoka ndi kumata zikuto. Anzawo popuma ntchito ankabwera ndi wailesi, njinga, ena makina osokera. Iwo anatsika basi ndi mabokosi a mkungudza olemera ngati muli miyala. Tinawanyamula pamutu kuchokera kumsewu tikuseka, tikuti achemwali alemera. Atatsekula, ee! Mapepala okhaokha, ena achikasu, ena onunkha utsi.

Ndipo sanalekere pomwepo. Akangomva kuti kwamwalira mphunzitsi wakale kapena mkulu wa mpingo, kaya ku Migowi kaya ku Chiringa, ankavala jekete lawo lakuda n'kunyamuka. Maliro ankalira nawo bwinobwino, sindingawanamizire. Koma pakapita timasabata ankabwererako ndi kapaketi ka shuga, n'kukhala pakhonde la namfedwa, kucheza za mvula, za nandolo, kenako n'kufunsa motsitsa mawu ngati malemu sanasiyeko timapepala m'sutikesi.

Tsiku lina ndinawafunsa. "Alamu, kodi inu kumaliroku mumakalira munthu kapena sutikesi yake?"

Sanakwiye. Anati akachedwa sabata imodzi amakapeza theka la buku atakulungira usipa pamsika, theka lina atapichirira fodya. Ankanena kawirikawiri kuti munthu amafa kawiri, koyamba pamphasa, kachiwiri tsiku limene ana ake ayatsira moto mapepala ake, ndipo kuti iwo imfa yoyambayo alibe nayo mphamvu koma yachiwiriyo angathe kuitsekereza. Ndinawauza kuti zimenezo akanene ku tchalitchi, ine andibwezere lichero langa limene anatengera mapepala.

Zimene zinali m'mabokosimo ndinazidziwa chifukwa chozinyamula chaka ndi chaka. Munali timabuku ta nyimbo ta Chilomwe, ndi tina tophunzitsira ana kuwerenga Chilomwecho, tokhala ndi zithunzi za khasu, mtondo ndi nkhuku. Ankati anasindikiza towerengeka kalekale ndipo sanabwerezenso. Munali malisiti a msonkho a makedzana, mapepala a m'maesiteti a nthawi ya thangata, ziphaso za anthu amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, mayina awo atalembedwa mokhotakhota ndi akalaliki osamva Chilomwe. Munali mapu a dera lathu lino misewu isanabwere. Koma mfumu ya onse linali buku lina lalikulu, lotambalala kuposa lichero, la zithunzi za mitengo, maluwa ndi mbalame za m'phirimu. Mitundu yake anachita kupaka ndi manja, chithunzi chilichonse pachokha. Ankati mabuku otero anapangidwa ochepa kwambiri, lililonse ndi nambala yake yolemba ndi inki patsamba loyamba. Anawapatsa ndi mzungu wina wa kuesiteti pochoka m'dziko muno, powathokoza kuti anamusokera mabuku ake ena.

Buku limenelo linatidanitsa mwezi wathunthu. Anandionetsa atandisambitsa m'manja ndi sopo, ngati ndikukagwira khanda. Ndinaona mbalame ija imalira kumtsinje, ndendende, mpaka kadontho ka pakhosi. Pofuna kuona tsamba lotsatira ndinanyambita chala, monga timachitira tonse ndi buku la nyimbo. Mayo ine! Anakuwa ngati ndaponda njoka. Analitseka, nandiuza kuti malovu anga ndikanyambitire masitampa. Ine ndinawauza kuti asaiwale kuti dothi limene aimapo ndi la amayi anga. Achemwali ndiwo anatiyanjanitsa, ndi mbale ya nyemba za kalongonda.

Nkhondo yathu yeniyeni inali ya pathanthwe. Kuseri kwa nyumba zathu kuli thanthwe lalikulu losalala limene akazi a mudzi uno timayanikapo makaka a chinangwa ndi mphale. Chilimwe chikafika, nthawi imene makaka akufuna dzuwa, alamu nawonso ankafuna thanthwe lomwelo. Ankayala mphasa, n'kutulutsa mabuku onse kuti apitidwe mphepo, lililonse chotsekula, kamwala pamwamba. Dzuwa likakwera ankabwezanso m'nyumba, ati la masana limaphwanyitsa mapepala. Mawa lake chimodzimodzi. M'mabokosi ankaikamo masamba a fodya othamangitsa njenjete, pansi pake n'kuwaza phulusa kuti chiswe chisayandikire. Akazi tinkang'ung'udza, makaka athu akuchita chuku m'madengu. Koma wonyamula mabokosiwo anali yani? Ife tomwe, chifukwa achemwali akatipempha sitinkatha kukana.

Achemwali anga sankawerenga Chingerezi, ndipo Chichewa ankachita kuwerenga ndi chala. Koma timatumba tonse tosungiramo mabuku okalamba anasoka ndi iwo, kuchokera ku zitenje zawo zakutha. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono, wina asanayambe n'kuyenda komwe, ndipo sanaberekenso. Za zimenezi panyumbapo sankazikamba. Madzulo ndinkawaona awiriwo pakhonde, wina akusoka chikuto, wina akusoka kathumba, osalankhulana, ndipo ndinkachita nsanje pang'ono, ine wa ana asanu ndi mwamuna wosakhazikika.

Nthawi ya chipani chimodzi ena mwa mabukuwo ankagona m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Sikuti munali zandale ayi, koma masiku amenewo sunkadziwa kuti choletsedwa n'chiti, ndipo munthu wosunga mapepala ambiri ankayang'anidwa ndi diso lina. Matipate atabwera, alamu anasangalala kuposa amene anawina. Anatulutsa zonse poyera. Anapatula chipinda chimodzi, nakhoma benchi, nalemba chikwangwani ndi penti yofiira kuti aliyense alowe adzawerenge. Anagula ndi sopo wosambitsira alendo m'manja.

Sabata yoyamba anthu anabwera ndithu. Ankafuna nyuzipepala zija zinachuluka nthawi imeneyo, zotukwana akuluakulu. Atapeza kuti muli malisiti a msonkho wa agogo awo, anaseka n'kumapita. Anyamata akaonetsedwa timabuku ta Chilomwe ankati chimenecho n'chilankhulo cha anganga, iwo akufuna Chingerezi cha ntchito. Wina wofuna mavoti anafika ndi galimoto, anasamba m'manja, anatsegula buku lalikulu lija, nalonjeza nyumba ya mabuku ya njerwa zootcha ndi mawindo a galasi. Sitinamuonenso. Chikwangwani chinasuluka, pabenchi n'kumagona mbuzi. Alamu anayamba kulemba makalata opita ku Zomba, kwa anthu osunga mabuku akale pa sukulu ina ya ukachenjede, kuwapempha kuti adzaone. Ankapita ku Boma kukafunsa yankho kupositi mpaka a kupositiwo anayamba kuwapukusira mutu akadali panja.

Kenako achemwali anadwala chifuwa, ndipo mvula isanathe tinawaika.

Apa ndiye pali nkhani imene ndikufuna kunena, chifukwa pamanda paja palibe anaitchula. Kwathu kuno mkazi akamwalira, pakapita nthawi a kuchikazi amakhala pansi n'kumusudzula mwamuna, kumumasula kuti abwerere kwawo. Akakhala ndi ana aakazi akuluakulu amatha kutsala, anawo n'kumamusamala. Alamu analibe. Mwini mbumba yathu ndi achimwene a Dayitoni, munthu wosaseka, woti akanena chinthu ndi chomwecho ngakhale chimupweteke yekha. Sanafune kuwathamangitsa ayi. Koma mwana wa achemwali athu ena, Fulonika, anali atakwatiwa ndipo analibe nyumba, ndipo alamu eniake ananena kuti sangakhale pamudzi wa eni n'kumadikira mbale yochokera kukhitchini kwa akazi a anzawo. Vuto linali limodzi. Kwawo ku Jenala kunali kanyumba ka mlongo wawo, kadothi, kofolera udzu, m'dambo momwe madzi amalowa m'nyumba chaka chilichonse. Chiswe cha kumeneko chimadya ndi mpini wa khasu uli m'manja. Ankadziwa kuti mabuku akapita kumeneko saona chilimwe chachiwiri.

Tsiku losudzula tinakhala pabwalo, ife uku, abale awo uko. Achimwene analankhula mawu ake a mwambo, nawathokoza alamu kuti anasunga bwino mlongo wathu, nati katundu wawo yense atenge, ngolo tibwereka ndife. Alamu anapempha kulankhula. Anaimirira chipewa m'manja.

"Alamu a Dayitoni, ndifunse. Mwamuna akamachoka pamudzi, ana amapita naye?"

"Ayi. Ana ndi a kuchikazi."

"Amawadyetsa ndani? Amawafunditsa ndani?"

"Ife eni mbumba. Mukudziwa kale zimenezo."

"Ndiye ine ndikupita ndi jekete langa ndi khasu langa. Aja ali m'chipindamo sindinawapeze ndekha. Elube anawasokera zovala, anawanyamula kumutu, anagona ndi njala kuti ine ndikawatenge kumene anali. Ana ena aja Mulungu anatilanda. Amene anatisiyira ndi amenewo. Ndikuwasiya kwa amayi awo."

Ena kumbuyo anayamba kuseka, poyesa ndi nthabwala zawo zija. Ine ndinayamba nawo, koma ndinaleka nditaona kuti iwo sakuseka. Achimwene anati, "Tamva. Ana atsala. Palibe adzawagwire." Anagamula kuti Fulonika alowe m'nyumbamo koma chipinda cha mabuku chikhale chokhoma, ndipo kiyi anapatsa ine. Sanandifunse n'komwe ngati ndikumufuna.

Ndinaganiza kuti alamu apambana, ndipo iwonso anaganiza choncho. Chilimwe chilichonse ankabwera pa njinga ya hayala, fumbi mpaka m'nsidze. Chimene chinkandipweteka n'chakuti ankaima pakhomo la nyumba imene anamanga ndi manja awo n'kunena kuti odi, kudikira Fulonika awayankhe. Tikatero tinkatulutsa mabokosi, iwo n'kumaona buku lililonse, kulinunkhiza, kulipukuta. Ankandikalipira kuti phulusa ndawaza lochepa. Ine ndinkawauza kuti akapeze mlezi wina. Ankagona kwa achimwene, pakatha masiku n'kubwerera.

Chaka china sanabwere. Uthenga unafika woti agwa kumunda, mbali imodzi yafa, ndipo pakamwa papotoka moti mawu sakutuluka.

Ndiye taonani mmene zinthu zimachedwera m'dziko muno. Alamu atagona chomwecho miyezi ingapo, pamudzi panafika galimoto. Munatsika mayi wina wa magalasi, waulemu wake, atagwira imodzi mwa makalata aja. Anati wangoyamba kumene ntchito yoyang'anira mabuku akale ku Zomba kuja, ndipo makalatawo wawapeza m'kabati, osayankhidwa. Ndinamutsekulira chipinda. Sanadikire kuuzidwa, anapempha yekha madzi osamba m'manja. Atafika pa timabuku ta Chilomwe anakhala pansi penipeni, pasimenti, osasamala siketi yake. Pa buku lalikulu lija anangoti, "Mayi, kodi mukudziwa chimene mukusunga?" Anati ali nako kosungira kouma, kopanda chiswe, kumene ophunzira angamadzawerenge, ndipo dzina la a Muhiwa lidzalembedwa pashelefu. Angathe kunyamula tsiku lomwelo.

Mtima wanga unati myaa. Ndinathamanga kukaitana achimwene kumunda. Anamvetsera zonse, nakana.

"Amayi, musatione ngati anthu ovuta. Izi tinazilandira pabwalo, pamaso pa anthu, ngati ana. Mwana sumupereka kwa mlendo, ngakhale mlendo wabwino, bambo wake ali moyo asananene."

"Koma bambo, kalatayi analemba ndi iwo omwe."

"Analemba kuti mudzaone. Mwaona. Zakuti mutenge sanalembe."

Ndinawachonderera. Ndinati achimwene, awa ndi mapepala, denga lija ndi lakale, ine ndakalamba. Anandiyang'ana n'kundifunsa ngati tsiku lija pabwalo ndinamva alamu akunena kuti mapepala. Mayi uja anati ndiye tipite tonse ku Jenala tikawafunse eniake, ndipo tinakwera galimoto yake.

Tinawapeza pakhonde, atawatsamiritsa kukhoma, ataonda. Anatizindikira. Mayi uja anagwada pafupi, nafotokoza pang'onopang'ono kuti wachokera kuti ndipo akufuna chiyani. Anawaonetsa kalata yawo. Diso lawo linakhala pa kalatayo, kenako misozi inayamba kutsika mbali imodzi. Anayesa kulankhula, kunangotuluka mpweya. Ndiye anakweza dzanja lamoyo lija, nalitambasula, nalifumbata, nalitambasulanso, n'kuligwetsa pamwendo.

"Akuti tengani," ndinatero ine.

"Akuti asiyeni," anatero achimwene.

Mlongo wa alamu anati dzanjalo amatero akafuna madzi, amateronso akafuna kutembenuzidwa. Tinawafunsanso alamu, kuti ngati avomera atsinzine. Anatsinzina, koma osatsekulanso, anagona. Mpaka lero ndimalionabe dzanja lija, ndipo sindinganene molumbira kuti ndinalimva bwino ndine. Achimwene anati tidikire achire. Mayi uja anatisiya pamsewu, nati adzabweranso mvula ikatha.

Mvula yake sinathe bwino. Tsiku lina masana, tonse tili kumunda kubandira, kunabwera chimphepo chochokera kuphiri, chija chimazula ndi mitengo yomwe. Chinanyamula malata a mbali ya chipinda chija n'kukawaponya m'munda mwa eni. Mtanda wa denga unagwera pamabokosi n'kuswa zivindikiro, khoma lapamwamba linasungunukira momwemo, ndipo mvula inagwa mpaka madzulo. Pofika ife tinapeza matope ofika m'akakolo, mapu akuyandama. Tinazula zimene tinatha. Dzuwa litatuluka mudzi wonse unathandiza kuyanika, ndi akazi aja ankang'ung'udza omwe. Koma tikati titsekule buku, masamba ankatsalira m'manja ngati phala, ndiye tinawayanika chotseka. Anauma n'kugwirana gwa, ngati zidina. Buku lalikulu lija ndinalikanula ndi mpeni. Mitundu yonse inali itasakanikirana, mbalame ndi maluwa zonse bii. Zochepa zimene zinaoneka ngati zapulumuka zinachita chuku mwezi usanathe.

Achimwene sanalole kuti ana azing'amba zotsalazo kapena kuti wina ayatsire moto. Anakumba dzenje okha kumalire a munda, nakana kuthandizidwa, nazikwirira. M'mawa mwake anavala jekete n'kupita ku Jenala wapansi, kukanena monga timanenera maliro. Mlongo wa alamu ndiye anandifotokozera. Akuti anafika, navula chipewa, nakhala pansi, nati, "Alamu, ndabwera ndi zovuta. Ana aja munatisiyira atisiya. Anali m'manja mwanga." Akuti alamu atamva anadzikoka ndi dzanja limodzi lija mpaka kutembenukira kukhoma. Anakhalabe ndi moyo kufikira nthawi yokolola, koma kudya anachepetsa kuyambira tsiku limenelo. Mayi wa ku Zomba ndinamulembera ndine kuti asavutike kubwera.

Chipinda chija anachifoleranso. Fulonika anafuna kumasungiramo nandolo, koma achimwene anakana, ndipo iwo eni akamapita kumunda amazungulira njira ya kumtsinje kuti asadutse pamenepo. Mulibe kanthu. Makoma anayi, misomali ingapo, simenti yong'aluka pakati, ndi mzere wa matope m'munsi mwa khoma umene laimu akukanika kuubisa. Ndimasesamo ndikakumbukira.

Chimene chikunditopetsa masiku ano ndi alendo. Chilomwe chayamba kumvekanso pa wailesi, ndipo achinyamata akufuna kudziwa kumene anachokera. Mwezi watha kunabwera mtsikana wina, mphunzitsi wa ku Boma, wapansi kuchokera kumsewu. Anati wamva kuti kuno kuli nkhalamba yosunga timabuku ta Chilomwe ta zithunzi, ndipo iye akufuna kukopera ndi dzanja kuti aziphunzitsira ana Loweruka. Anabwera ndi kope latsopano ndi zolembera ziwiri. Ine ndinangotenga kiyi. Pakhomo anavula nsapato. Analowa, anaima pakati, anayang'ana khoma ili, khoma ilo, kope lake pachifuwa.

"Anganga, mwawasamutsira kuti?"

Ndinamusiya momwemo n'kukakhala pansi panja.